Nyanja Imayambira Kumtunda

(Nkhani yomwe idakambidwa pamsonkhano wa makolo, aphunzitsi ndi ophunzira ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe)

Mafumu athu, ndakuonani, landirani ulemu wanu. Abusa ndi mashehe, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu ana a sukulu amene mwakhala pamphasa kutsogolo kuno, moni nonse. A kuno ku Kawale ndinu eni khomo, zikomo potitsegulira. Amene mwachokera ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona, mwasiya mabenchi kumsika ndi ntchito kunyumba kuti mudzakhale pano masana ano. Sindikutayirani nthawi.

Ndapemphedwa kuti ndikambe za nyanja zikuluzikulu za dziko lathu lino, zimene adalenga Chauta ndi zimene adapanga anthu potchinga mitsinje. Ndikudziwa kuti wina muno akuti chamumtima, "Ife a ku Lilongwe nyanja ikutikhudza pati? Bwato tilibe, khoka tilibe. Nkhani imeneyi akakambe ku Salima kapena ku Mangochi." Bambo anga, mayi anga, tiyi amene mwamwa m'mawa uja waphikidwa ndi madzi a m'damu. Usipa umene mudyere nsima madzulo ano wachokera kunyanja. Magetsi amene mwatchajira foni apangidwa ndi madzi otuluka m'nyanja. Ndinu anthu a kunyanja ngakhale mchenga wake simudaupondepo.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba ndi ya Nyanja ya Malawi. Yachiwiri ndi ya azing'ono ake atatu: Chilwa, Malombe ndi Chiuta. Yachitatu ndi ya nyanja zopangidwa ndi anthu, makamaka madamu athu a ku Malingunde. Yachinayi ndi ya ife eni, a m'makwalala a mzinda uno. Pa zonsezi pali mawu amodzi amene ndikufuna mupite nawo kwanu, ndipo ndiwabwereza mpaka akhazikike: nyanja imayambira kumtunda.

Tisanalowe m'mfundozi tigwirizane za muyeso. Mabuku akamasanja nyanja kuti iyi ndi yaikulu kuposa iyo, kawirikawiri amayesa kukula kwa pamwamba pa madzi, mu masikweya kilomita. Sikweya kilomita imodzi ndi munda wa maekala pafupifupi 250. Koma kukula kwa pamwamba n'kosiyana ndi kuchuluka kwa madzi. Amayi, tungani zigubu ziwiri zofanana. Chimodzi mukhuthulire mumtsuko, china m'beseni lalikulu lochapira, zonse muziike padzuwa la mwezi wa Okutobala. Woyang'ana ali chiimire anena kuti m'beseni ndimo muli madzi ambiri, poti atambalala. Koma oyamba kuuma ndi ati? Mwayankha kale. Musungeni mtsuko ndi beseni limeneli, tiwafuna posachedwa.

Mfundo yoyamba: Nyanja ya Malawi.

Dziko lathu lonse ndi masikweya kilomita 118,484, ndipo mukaligawa pasanu, pafupifupi gawo limodzi ndi madzi. Madzi ambiri mwa amenewa ndi a Nyanja ya Malawi. Nyanja yonseyo, kuphatikiza mbali imene ili m'dziko la Mozambique, ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600. M'litali ndi makilomita oposa 560, ngati ulendo wa pabasi kuchoka pa depoti ya Lilongwe mpaka ku Karonga. Pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75, n'chifukwa chake ukaima pagombe m'madera ena tsidya linalo suliona. Mu Africa muno imaposedwa ndi ziwiri zokha, Victoria ndi Tanganyika. David Livingstone adafika pagombe lake mu 1859, koma adapeza makolo athu akupalasa kale mabwato ndi kuyanika nsomba, monga ankachitira makolo awonso.

Nyanja imeneyi ndiyo mtsuko uja. Cha kumpoto kwa Nkhata Bay yazama mamita pafupifupi 700. Pamwamba pa madzi ake pali pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye ana a sukulu chotserani nokha: pansi pake penipeni patsika kuposa gombe la ku Beira ndi mamita oposa 200. Koma musaganize kuti monsemo muli nsomba. Mukatsika kupitirira mamita 200 kapena 250, madzi ake alibe mpweya wopuma, ndipo nsomba sizikhalako. Chambo, kampango, utaka, usipa, mpasa, ncheni, zonse zimakhala m'madzi a pamwamba, ndipo zambiri zimaswanirana kufupi ndi gombe, kumene kumathera mitsinje yathu ndi zonse zimene yanyamula.

Palibe nyanja ina padziko lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati yathuyi. Akatswiri amawerenga mitundu mazanamazana, ndipo yambiri, monga mbuna zamawangamawanga za m'miyala, siipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pamadzi amenewa kuyambira 1951, kunyamula anthu ndi katundu mpaka ku Likoma ndi ku Chizumulu.

Tsopano tcherani khutu, apa ndi pamene pagona nkhani. Mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambiri: Songwe, Rukuru wa kumpoto ndi Rukuru wa kumwera, Dwangwa, Bua, Linthipe, ndi Ruhuhu wa ku Tanzania amene ndi wamkulu pa yonse. Koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire. Ndipo Shire amangotenga kagawo kochepa. Madzi ochuluka amene nyanjayi imataya amapita ndi dzuwa ndi mphepo: chaka chilichonse amauluka madzi akuya kuposa mita imodzi ndi theka panyanja yonseyo. Tinganene kuti Shire ndi zotsalira, zimene zasefukira pakamwa pa mtsuko. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana, mtsukowo umakhala udakali wodzadza ndithu, koma kusefukira kumaleka.

Zimenezi si zongoganizira, zidachitikapo. Kuyambira cha mu 1915, kwa zaka pafupifupi 20, madzi a m'nyanja adatsika mpaka Shire adaleka kutuluka. Nthawi imeneyo kudalibe makina opangira magetsi pamtsinjewo. Lero magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, monsemo pa Shire yemweyo. Ambiri muno mukukumbukira mdima wa 2016 ndi 2017, pamene madzi a m'nyanja adatsika ndipo magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ometa, owotcherera zitsulo, a zigayo, ogulitsa mafirizesi, nonse mudaimva nyanja m'thumba mwanu. Kenaka mu 2024 idatembenuka, idadzadza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Amene adamanga pamene nyanja idaphwa adauona mwambiwu ndi maso.

Chinanso: popeza khomo lotulukira ndi laling'ono chotere, chimene chalowa m'nyanjayi chimatha zaka mazana chisanatuluke. Chonyansa chimene titaye lero adzachipeza adzukulu a adzukulu athu. Nyanja imayambira kumtunda.

Mfundo yachiwiri: Chilwa, Malombe ndi Chiuta.

Yachiwiri pakukula ndi Nyanja ya Chilwa, imene yakhudza maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga. Mukafunsa kuti ndi yaikulu bwanji, woyankha wanzeru ayamba wakufunsani kuti, "Chaka chiti? Mwezi uti?" Pamodzi ndi madambo ndi mabango ake, dera lonselo ndi masikweya kilomita oposa 2,000. Koma madzi oyera, amene bwato lingayendepo momasuka, ndi ochepera theka la pamenepo, ndipo amakula ndi kuchepa chaka ndi chaka. Kuya kwake ndi mamita awiri kapena atatu basi. Ili ndiye beseni lija. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Imadalira mitsinje yotsika m'mapiri a Zomba ndi Mulanje ndi zitunda zozungulira: Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani.

Chilwa idauma mu 1968. Idaumanso mu 1995. Mu 2018 idaphwa mpaka mabwato adagona pamatope ong'aluka padoko la Kachulu, ndipo anthu ankapita pachilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga. Taganizani: msodzi amene moyo wake wonse wapalasa bwato pamalo amenewo, lero akuyendapo ndi mapazi, fumbi lili koboo. Amene ankakhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija timene asodzi amamanga pakati pa udzu wa m'madzi, adalongedza n'kubwerera kumtunda manja ali m'khosi. Ndipo kuno kumsika wa Kawale matemba adasowa, ochepa amene ankapezeka mtengo wake unali wosayamba. M'chaka chabwino nyanja yosazamayi imapereka gawo lalikulu ndithu la nsomba zimene Amalawi amadya: matemba, makumba ndi mlamba, ndiwo za munthu wamba. Mu 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, idadzadzanso mpaka kumiza minda ndi midzi ya m'mphepete.

Kuuma ndi kudzadza ndi chikhalidwe cha Chilwa kuyambira kale, ndipo nsomba zake zidazolowera: nyanja ikaphwa zimabisala m'maiwe a m'mitsinje, madzi akabwerera zimaswana n'kudzadzanso. Choopsa n'chakuti maiwe amenewo ndiwo tikuwapha. Mitengo ya m'mapiri ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukwirira maiwe, n'kukwiriranso beseni lenilenilo. Beseni losazama kale likalandira matope chaka ndi chaka, silichedwa kuuma. Nyanja imayambira kumtunda.

Yachitatu ndi Malombe, m'boma la Mangochi, masikweya kilomita pafupifupi 400. Shire akangotuluka m'Nyanja ya Malawi amayenda pang'ono n'kulowa m'Malombe, n'kutulukanso kulowera ku Liwonde. Nayonso ndi yosazama, ndipo pa zaka zija Shire adaleka kuyenda, idauma anthu n'kumalimamo. Koma phunziro la Malombe ndi lina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankapha chambo choposa matani 8,000 pachaka m'nyanja imeneyi. Pomafika 1992 sankakwanitsa ngakhale matani 1,000. Nyanja sidachepe, madzi adalipo, koma chambo chidatha. Makoka a maso ang'onoang'ono adakokolola ana a nsomba, adazula udzu wa pansi, adaphwasula zisa zimene chambo chimakumba pamchenga poswana. Apa ndi poti tidziwe kuti nambala ya m'buku siuza munthu zonse. Nyanja ikhoza kukhala yachitatu pamndandanda koma m'kati mwake muli mbee.

Komabe musataye mtima. Kufupi ndi kuno, m'boma la Salima, kuli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Aliyense amachoka, nsomba zimaswana mwamtendere, ndipo potsegulira pamakhala mwambo. Lamulo limeneli silidachokere ku Capital Hill, lidachokera pabwalo la mfumu, ndipo lagwira ntchito mpaka lero. Mafumu athu muli pano, mawu anu ali ndi mphamvu kuposa mmene ena amaganizira.

Yachinayi ndi Chiuta, ku Machinga, m'malire ndi Mozambique, masikweya kilomita pafupifupi 200. Kale kwambiri inali imodzi ndi Chilwa, mpaka mchenga udaunjikana pakati n'kuzilekanitsa. Madzi ake akachuluka amalowera ku Nyanja ya Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda ku Mozambique. Zotsatira ndi zing'onozing'ono, monga Chia ku Nkhotakota ndi Kazuni ku Vwaza. Ana a sukulu, mndandanda wa mayeso ndi umenewo: Malawi, Chilwa, Malombe, Chiuta.

Mfundo yachitatu: nyanja zopangidwa ndi anthu.

Anansi athu ali nazo zazikulu zedi. Pamtsinje wa Zambezi, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, pali Kariba, imene khoma lake lidatha kumangidwa mu 1959. Ndi masikweya kilomita oposa 5,000, ndipo pakuchuluka kwa madzi palibe damu lina padziko lapansi loposa limeneli. Kumunsi kwake, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene kuli abale athu olankhula ngati ife, kuli Cahora Bassa ya mu 1974, masikweya kilomita pafupifupi 2,700. Ku Ghana kuli Volta, pafupifupi 8,500. Koma walira mvula walira matope. Kuti Kariba ikhalepo, Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'chigwa chawo, kusiya minda ndi manda a makolo pansi pa madzi. Ndipo mu 2024, chilala chitavuta, Kariba yomweyo idatsika mpaka abale athu a ku Lusaka ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Ukulu sudawapulumutse.

Ife kuno tilibe damu lofanana ndi amenewa. Chifukwa china n'chakuti Chauta adatimangira kale nkhokwe. Chimene tidachita ife ndi kuika chitseko pa Shire ku Liwonde, Kamuzu Barrage, mu 1965, kuti madzi azituluka mwa muyeso. Chaka chotsatira, 1966, makina oyamba a ku Nkula adayamba kupanga magetsi. Pali chikonzero chomanga damu lalikulu ku Mpatamanga pa Shire pomwepo, koma madamu amene tili nawo lero ndi aang'ono, ndipo ena mwa iwo ndi a madzi akumwa: Mudi ku Blantyre, Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, Lunyangwa ku Mzuzu, Chitete ku Kasungu, Mpira ku Ntcheu. Mpira ameneyu adauma mu 2018, ndipo anthu a ku Balaka ndi midzi yambiri ya ku Ntcheu adaona mipopi yawo ikungotulutsa mphepo.

Athu a kuno ndi awiri, ndipo ali m'gulu la akuluakulu m'dziko muno. Ali ku Malingunde, pamtsinje wa Lilongwe, makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni. Kamuzu Dam yoyamba idamangidwa mu 1966, Lilongwe asanakhale likulu. Likulu lidasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, anthu adachuluka, ndipo mu 1989 padamangidwa damu lachiwiri kumunsi kwa loyambalo. Lachiwirili adalikweza khoma mu 1999 kuti lizisunga malita pafupifupi 20 biliyoni. Zaka zapitazi a Lilongwe Water Board akwezanso khoma la loyamba lija ndi mamita 7. Madzi akatulutsidwa m'madamumo amatsika ndi mtsinje mpaka pamalo oyeretsera madzi kufupi ndi msewu wa ku Likuni, kenaka amapopedwa kupita m'mathanki, m'mapaipi, mpaka pampopi wa pakhomo panu kapena pakiyosiki pamene mumandandalika zigubu.

Malita 20 biliyoni akumveka ambiri. Koma mutawatenga onsewo n'kukawathira pa Nyanja ya Malawi, nyanjayo singakwere ngakhale ndi milimita imodzi. Madzi amene dzuwa limamwa panyanjapo tsiku limodzi lokha amaposa onse a m'madamu awiri a ku Malingunde ataphatikizidwa. Pamndandanda wa nyanja za dziko lino madamu amenewa ali kumchira kwenikweni, pamapu saoneka n'komwe. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo lero tapitirira pamenepo. Ambiri mwa khamu limeneli amamwa pa timadamu tiwiri timeneti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nyanja ya Malawi ndi yathu, timainyadira, koma madzi amene ali pakamwa pathu lero ndi a ku Malingunde. Mu 2016 mvula itachepa madamuwa adatsika, ndipo madzi ankatuluka mosinthanasinthana, lero dera ili, mawa dera lina. Amayi a ku Area 23 ndi ku Mgona amene munkadzuka pakati pa usiku kukadikira pampopi, inu ndiye mungaphunzitse mfundo imeneyi kuposa ine.

Mwamva za ntchito yokoka madzi kuchokera kunyanja ku Salima kudzafika kuno, mapaipi a makilomita oposa 100. Ine ndikuifunira zabwino, chifukwa mzinda ukukula ndipo mtsinje wa Lilongwe pawokha sungatikwanire mpaka kalekale. Koma dziwani kuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene nyanja ili pa 474. Madzi sakwera phiri okha. Lita iliyonse iyenera kukankhidwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho, ndipo magetsiwo ndi ndalama, ndalamazo zidzaoneka pa bilu. Madzi otsika okha kuchokera ku Dzalanyama adzakhalabe otsika mtengo kuposa okwezedwa kuchokera ku Salima. Tisanyoze chitsime chakale poti tamva kuti kukubwera chatsopano.

Mfundo yachinayi: ifeyo.

Ndatchula Dzalanyama. Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri amenewo, m'malire ndi Mozambique, m'nkhalango ya mombo, tsamba ndi masuku. Makolo athu Achewa ankati kumeneko, pa Kaphirintiwa, ndi pamene anthu oyamba adatsikira pamodzi ndi mvula, mapazi awo n'kudindika pathanthwe. Kufupi ndi komweko, ku Msinja, kunali kachisi wa Makewana, kumene mitundu inkapita kukapempha mvula. Makolo amenewo sadayese nyanja ndi masikweya kilomita, koma ankadziwa kumene madzi amabadwira, ndipo malowo ankawaopa.

Nkhalango imagwira ntchito motere. Mvula ikagwa pamasamba imatsika pang'onopang'ono, imalowa m'nthaka yofewa ya pansi pa mitengo, ndipo imatuluka mu akasupe mwezi ndi mwezi mpaka m'chilimwe. Mitengo ikachoka, mvula yomweyo imamenya dothi louma, imathamanga tsiku limodzi, yofiira, itasenza nthaka. Ikafika m'damu imaima, ndipo dothi lija limakhazikika pansi. Pamwamba damu limaoneka lodzadza monga kale, koma m'mimba mwake matope akuunjikana. Mungakweze khoma ndi mamita 7, koma ngati kumtunda kukutsikabe dothi, mwangogula zaka zochepa.

Nanga mitengo ya ku Dzalanyama ikupita kuti? Dzukani m'bandakucha mukaime pamsewu wa ku Likuni, cha ku Chinsapo. Muona bambo akukankha njinga, matumba atatu a makala atasanjikizana kupitirira mutu wake, atamangidwa ndi mphira. Thukuta lasakanikirana ndi fumbi la makala pankhope, malaya adang'ambika paphewa pamene amatsamiritsa katundu, ndipo potsetsereka amaponda tayala ndi patapata chifukwa mabuleki adatha kale. Wayenda usiku wonse. Kumbuyo kwake kuli wina, ndi winanso, mzere mpaka kuseri. Bambo ameneyu sindikumuweruza. Ali ndi ana ofuna fizi ngati anu. Boma lidatumizako asilikali kunkhalangoko mu 2015, koma njingazo zikubwerabe, chifukwa kuno kuli ogula. Ogulawo ndi ife. Mbaula ya ku Biwi ndi ya ku Area 25 ndiyo ikudula mtengo ku Dzalanyama, ndipo mpopi umene ukuuma ndi wa nyumba yomweyo. Nkhuyu zodya ana zidapota akulu, koma kuno zatembenuka: tikudya ndife akulu, adzapotedwe ndi anawa akhala pamphasawa.

Ndikudziwa kuti wina ati, "Nanga tiphikire chiyani, magetsi ndi odula, gasi ndi wodula?" Funso limeneli ndi loona, ndipo atsogoleri amene timawavotera tiziwafunsa molimba mtima za mtengo wa gasi ndi wa magetsi, chifukwa nkhani ya nkhalango ili m'kati mwa mitengo imeneyo. Koma pali zimene tingayambe lero. Mbaula yokhala ndi dothi m'kati imadya makala ochepa kuposa ya chitsulo chokhachokha. Ophikira nkhuni, chitetezo mbaula mukuidziwa. Nyemba zoviika usiku zimapsa msanga. Mphika wovindikira suchedwa kuwira. Mukamaliza kuphika, zimitsani makala otsala, musawasiye anyeke okha. Banja limene linkatha matumba awiri pamwezi likafika pa limodzi ndi theka, ndipo mabanja otero akachuluka m'makomboni onse a mzinda uno, kumtunda kutsala mitengo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tsono tembenukani muyang'ane kumunsi. Mtsinje wa Lilongwe ukadutsa mumzinda muno, n'kulandira Lingadzi ndi timitsinje tonse ta m'makomboni mwathu, umapita kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'Nyanja ya Malawi ku Salima. Ndiye kuti kwa msodzi wa ku Senga Bay, kumtunda ndi kuno. Kumtunda ndi ku Kawale. Mukadzaoloka pa timilatho tamatabwa tija ta pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu, mudzaime pang'ono muyang'ane pansi. Mudzaona majumbo atakoleka pamizu, mabotolo, matewera a ana otaya, makoko a kabichi ndi tomato wowola, madzi akuda otuluka m'ngalande. Mvula yoyamba ikagwa zonsezo zimanyamuka ulendo wa ku Salima, kukafika m'madzi osaya momwe chambo chimaswanirana. Kenaka nsomba yomweyo timaigula pamsika, n'kumadandaula kuti yachepa ndipo yakwera mtengo.

Ndipo zina sizidikira kufika kunyanja, zimatibwerera pompano. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi wa Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Mpopi ukauma mayi sangasiye ana osamwa, amapita pachitsime chosatetezedwa kapena kumtsinje, ndipo kumeneko amakumana ndi zimene tidataya tokha. Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Tanena, ndipo taona kale.

Choncho ndili ndi zopempha zitatu, ndipo ndikuzipereka kwa anthu amene ndikuwaona ndi maso. Choyamba kwa inu mafumu ndi atsogoleri a m'madera: a ku Mbenji adatseka chilumba ndi mawu a pabwalo, inunso mungathe kuletsa kutaya zinyalala mumtsinje, kukumba mchenga m'munsi mwa milatho, ndi kulima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Musiye mpata m'mbali mwa mtsinje, mubzalemo nsungwi, mikuyu ndi katope, ndipo muike anthu odziwika ndi maina oti aziyang'anira mitengoyo mpaka itakula, chifukwa kubzala tonse timabzala, chovuta ndi kulera.

Chachiwiri kwa inu amayi ndi abambo: paipi ikaphulika mumsewu wanu, musangoilambalala n'kumati ndi za boma. Madzi amenewo achokera ku Malingunde, ayeretsedwa ndi mankhwala, apopedwa ndi magetsi, ndipo amene akusowa madzi chifukwa cha kutayikako ndi mnzanu wa kumtunda kwa mzere womwewo. Kaneneni tsiku lomwelo. Wolumikiza madzi mwakuba nayenso akubera inu, musamubise.

Chachitatu kwa inu aphunzitsi. Anawa aloweza kale kuti Malawi, Chilwa, Malombe, Chiuta, ndipo mayeso adzakhoza. Koma ambiri sadaonepo kumene madzi a pasukulu pawo amachokera, chonsecho ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira madamuwo, makolo asonkhe ya mafuta, mupite nawo ku Malingunde kawiri pachaka: mu Malichi madzi atadzadza, ndi mu Okutobala atatsika. Akaone mtundu wa madziwo, akayese ndi ndodo pamene afika, akalembe m'kope tsiku ndi muyeso wake. Kopelo lisungidwe pasukulu, ndipo kalasi ya chaka chamawa idzapitirize pamene anzawo alekezera.

A wapampando, ndabweza mpata. Amene muli ndi mafunso imikani manja, ndipo ndikupempha kuti tiyambire kwa amayi.